KODI BOMA LINALOLEZADI CHAMBA? TIMVETSE ZA ZIPHASO NDI MISONKHO

Wolemba: Mseminale wa Fomu 3

Pa tchuthi chapitachi amalume anga anandiitana pakhonde madzulo ena. Iwowa ndi mlimi wa fodya wa bale, ndipo zaka zingapo tsopano akhala akudandaula kuti thukuta lawo likungothera m'ngongole za feteleza. Atandipatsa mpando anati, "Mphwanga, iwe ndiwe wa kusukulu. Anthu akuti boma linaloleza chamba. Bwanji chaka chino ndisiye fodyayu, ndidzale chambacho kuseli kwa dimbaku?" Ine ndinangoti kukamwa yasa. Ndinawapempha kuti ayambe adikira kufikira nditafufuza bwino, pakuti safunsa anadya phula.

Nditabwerera kuno ku seminale ndinapeza kuti anzanga ambiri nawonso ali ndi maganizo onga a amalumewa. Ena amaseka nkumati "fodya wamkulu wamasulidwa." Ena amakwiya nkumati boma lagulitsa achinyamata chifukwa cha ndalama. Onsewa sanamvetse bwino chimene chinachitika. Choncho ndaona kuti ndi chanzeru kuti ndilembe zimene ndinapeza, chifukwa kusamvetsa nkhani imeneyi kungathe kulowetsa m'bale wathu m'ndende, kapenanso kumudyera kandalama kake konse.

MBEU IMODZI, NTCHITO ZOSIYANA

Tiyambe ndi mbeuyo. Anzathu a m'mphepete mwa nyanja, monga ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, amadziwa kuti chinangwa chilipo cha mitundu iwiri. Chilipo chokoma monga manyokola, chimene mwana angathe kukukuta chachiwisi. Chiliponso chowawa, chimene muyenera kuchiviika m'madzi masiku angapo musanasinje ufa wa kondowole, apo ayi mudwala nacho. Zonsezi ndi chinangwa, koma kusiyana kwake kuli pa kuchuluka kwa poizoni amene ali m'kati.

Chamba nachonso chili chimodzimodzi. M'mbeu imeneyi muli timadzi tamphamvu tambirimbiri, koma todziwika kwambiri ndi tiwiri. Koyamba ndi THC, kamene kamazunguza bongo. Akatswiri a ku Israel, Raphael Mechoulam ndi mnzake Yechiel Gaoni, ndiwo anakapatula ndi kukafotokoza bwino m'chaka cha 1964. Kachiwiri ndi CBD, kamene sikaledzeretsa. THC amapezeka wambiri m'maluwa a mbeu yaikazi.

Tsono pali chamba cha m'mafakitale, chimene Angerezi amati hemp. Ichi chili ndi THC wochepa zedi kotero kuti munthu sangaledzere nacho. Luzi lake amapangira zingwe, masaka, nsalu ndi mapepala, ndipo njere zake amayengera mafuta ndi kupangira sopo ndi zakudya za ziweto. Pali chamba cha mankhwala, chimene amachilima mosamala kwambiri kuti atengemo timadzi tija nkupangira mankhwala a m'chipatala. Pomaliza pali kusuta chamba pofuna kuledzera, kumene tonse tikukudziwa m'midzi ndi m'matauni mwathu.

Kuti chamba chili ndi mankhwala si nthano ayi. Ku America, kuyambira 1985, madokotala amapereka mankhwala otchedwa dronabinol kwa odwala khansa amene akusanza chifukwa cha mphamvu ya mankhwala ena. M'chaka cha 2018 dziko lomwelo linavomereza Epidiolex, mankhwala ochokera ku CBD, othandiza ana odwala mitundu ina yovuta ya khunyu. Koma taonani kuti amenewa ndi mankhwala oyezedwa bwino, okhala ndi mlingo wake, operekedwa ndi dokotala. Ndudu yopichira m'pepala la kope ilibe mlingo uliwonse.

ZIMENE NYUMBA YA MALAMULO INACHITA

Nkhaniyi inayamba ngati nthabwala. M'chaka cha 2015 a Boniface Kadzamira, amene anali phungu wa kumpoto kwa boma la Ntchisi, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo ndi kupempha kuti dziko lino liganizire zolima chamba cha m'mafakitale. Aphungu anzawo ambiri anangofa nalo phwete. Komabe boma linalola kuti mbeuyi iyesedwe pa malo ofufuzira za ulimi a Chitedze ku Lilongwe. Patapita zaka zisanu, pa 27 Febuluwale 2020, aphungu anavomereza lamulo lotchedwa Cannabis Regulation Act, limene analibweretsa ndi nduna ya zaulimi ya nthawi imeneyo, a Kondwani Nankhumwa.

Chinawakakamiza ndi chiyani? Yankho ndi fodya. Kwa zaka zambiri fodya ndiye wakhala akubweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja m'dziko muno. Koma maiko ambiri akulimbana ndi kusuta, ndipo ngakhale Malawi yemwe mu 2023 analowa m'pangano la bungwe la zaumoyo la WHO lochepetsa kusuta fodya. Munthu wanzeru akaona kuti mwendo umodzi wa mpando wake wayamba kufumbwa, amafunafuna mtengo wina usanathyoke. Maiko ena a mu Africa muno anali atayamba kale. Lesotho ndiye anali woyamba mu Africa kupereka ziphaso za chamba cha mankhwala mu 2017, Zimbabwe inatsatira mu 2018, ndipo Zambia inakhazikitsa malamulo ake mu 2021.

Tsono mvetsetsani apa, abale anga. Lamulo la 2020 linaloleza kulima, kukonza ndi kugulitsa chamba pa zifukwa zitatu zokha: mankhwala, ntchito za m'mafakitale, ndi kafukufuku wa sayansi. Ndipo linaloleza zimenezi kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Kusuta chamba silinaloleze ngakhale pang'ono. Lamulo lakale la mankhwala oopsa lija, la Dangerous Drugs Act, likugwirabe ntchito, ndipo apolisi akumangabe anthu opezeka ndi matumba a chamba pa malodibuloko. Lamulo latsopanoli linaikanso chilango chake kwa wolima kapena kugulitsa popanda chiphaso: chindapusa chofika K50 miliyoni ndi ukaidi wofika zaka 25. Amalume anga akadadzala kuseli kwa dimba kuja, akadakhala akuputa chilango chimenechi.

CHIFUKWA CHIYANI PAFUNIKA CHIPHASO?

Wina angafunse kuti, "Nanga chimanga ndi mtedza timalima popanda chiphaso, chavuta ndi chiyani ndi mbeu iyi?" Tiyeni tione za pafupi. Kuno ku seminale, mankhwala oopsa a mu labotale amakhala otsekeredwa, ndipo kiyi amasunga ndi aphunzitsi a sayansi. Vinyo wa Misa amakhala mu sakristiya, osati m'chipinda chodyera. Ku chipatala, mankhwala oletsa ululu a morphine amasungidwa m'kabati yokhoma, ndipo namwino amalemba m'buku dontho lililonse limene latuluka. Zinthu zimenezi si zoipa pa zokha, koma zikagwera m'manja olakwika zimaononga. Chiphaso ndiye kiyi wa boma.

Palinso chifukwa china. Dziko lathu linalowa nawo m'pangano la United Nations la 1961 lokhudza mankhwala ozunguza bongo. Panganoli limati dziko lililonse lofuna kulima chamba cha mankhwala likhale ndi bungwe la boma loyang'anira ulimiwo, ndipo lidzipereka malipoti ku bungwe loona za mankhwalawa limene lili ku Vienna. Mu Disembala 2020 maiko anavota kuchotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsetsetsa, povomereza kuti chili ndi ntchito ku chipatala, koma anachisiyabe pa mndandanda wa mankhwala oyenera kulonderedwa kwambiri.

Ndiye chifukwa chake lamulo lathu linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, mwachidule CRA. Wapampando wake woyamba anali a Kadzamira omwe aja anasekedwa. Ntchito ya bungweli ndi kupereka ziphaso, kuyendera minda ndi mosungira katundu, ndiponso kulanda chiphaso kwa wophwanya malamulo.

Chiphaso si chimodzi chokha. Pali chiphaso cholimira ndi kugulitsa, chokonzera mbeuyi m'fakitale, chosungira, chonyamulira, chochitira kafukufuku, ndiponso chilolezo chotumizira kunja. Cholinga chake ndi chakuti boma lidziwe kumene mbeuyo ili kuchokera tsiku lodzala mpaka tsiku logulitsa. Wolima ayenera kusonyeza malo ake, kuwateteza kuti akuba asalowe, kudzala mbeu yovomerezeka, ndi kusunga mabuku osonyeza zimene wakolola. Ngati munda unabala makilogalamu 500 koma m'buku logulitsira mukuoneka 400, mwini wake ayenera kufotokoza kumene 100 enawo apita.

Pa chamba cha m'mafakitale pali malire a THC. Kuno kwathu malirewo ndi 1 peresenti, pamene ku America ndi m'maiko a European Union ndi 0.3 peresenti. Apa mlimi ayenera kuchenjera, chifukwa mbeu yosadziwika bwino, kapena mbeu yosungidwa kuchokera m'munda umene unalandira mungu wa chamba chamakolo, ingathe kupitirira malirewo. Zikatero, pamaso pa lamulo mbeuyo si ya m'mafakitalenso, ndipo ntchito ya chaka chonse yapita m'madzi.

MTENGO WA CHIPHASO

Apa ndiye pagona nkhani. Mu Novembala 2020 boma linalengeza mitengo ya ziphaso. Chiphaso cholimira ndi kugulitsa chamba cha mankhwala anachiika pa madola 10,000 a ku America, amene pa nthawiyo anali pafupifupi K7.5 miliyoni. Cha chamba cha m'mafakitale anachiika pa madola 2,000, kapena kuti pafupifupi K1.5 miliyoni. Anthu ambiri anadandaula kuti mitengo imeneyi yatsekera kunja mlimi wamba. Mtengo wowerengedwa m'madola ulinso ndi vuto lake, chifukwa kwacha ikagwa mphamvu, monga inachitira ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlimi amafunika makwacha ochuluka kuti apeze madola omwewo.

Boma linali ndi zifukwa zake. Kuyendera minda, kuyeza mbeu mu labotale ndi kulipira antchito a bungwe lija kumafuna ndalama, ndipo ndi chilungamo kuti opindula ndi malondawo ndiwo alipire, osati mayi wogulitsa mandasi. Komanso mtengo wokwera umasefa anthu, kuti otsala akhale okhawo amene angathe kumanga mpanda, kulemba alonda ndi kusunga mabuku. Kuyang'anira minda 50 ikuluikulu ndi kosavuta kusiyana ndi kuyang'anira timinda 50,000.

Koma mbali inayo nayonso ili ndi mfundo. Amene akhala akuvutika ndi kugwa kwa mitengo ya fodya ndi alimi ang'onoang'ono. Ngati mbeu yobwera kudzathandiza fodya ingalimidwe ndi olemera okha ndi makampani akunja, ndiye kuti wodwala ndi wina, womwa mankhwala ndi wina. Pofuna kuthetsa vutoli, alimi analangizidwa kuti apange magulu a makopaletivi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Masamu ake ndi osavuta: anthu 100 akasonkherana madola 10,000, aliyense apereka madola 100, amene mu 2020 anali pafupifupi K75,000. Mu Epulo 2021 bungwe la CRA linalengeza kuti lapereka ziphaso 86 kwa makampani ndi makopaletivi 35.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chiphaso ndi chiyambi chabe. Chamba cha mankhwala nthawi zambiri chimalimidwa m'nyumba zapulasitiki zotetezera mbeu, chimafuna madzi othirira, mbeu yodula, ndi malo aukhondo oumitsira. Maiko ogula monga Germany, amene analoleza chamba cha mankhwala mu 2017, salandira katundu wosafika pa muyezo wawo wopangira mankhwala. Kampani ya ku Lesotho yoyamba kufika pa muyezo wa ku Ulaya umenewu inatero mu 2021, patapita zaka zinayi dzikolo litayamba kupereka ziphaso. Ndiponso mtengo wa CBD pa msika wa dziko lonse unagwa kwambiri kuyambira 2019, alimi a ku America atalima wochuluka kuposa ogula. Kuno kwathu alimi ambiri amene anasonkha ndalama m'magulu anadandaula pambuyo pake kuti msika umene anaulonjezedwa sunaoneke. Fodya ali ndi misika yake yodziwika ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu. Chamba chilibe okushoni yotere. Wolima ayenera kupeza wogula wodalirika asanagwire khasu.

NANGA MSONKHO?

Anthu ambiri amasokoneza ndalama ya chiphaso ndi msonkho. Ndalama ya chiphaso ndi yolipirira chilolezo, ndipo munthu amapereka ngakhale asanakolole kanthu. Msonkho ndi gawo limene boma limatenga pa zimene munthu wapeza, ndipo amatolera ndi a bungwe la Malawi Revenue Authority. Kampani ya chamba, monga kampani ina iliyonse yolembetsedwa m'dziko muno, imayenera kupereka msonkho pa phindu lake, umene mlingo wake wodziwika ndi 30 peresenti. Antchito ake amadulidwa msonkho pa malipiro awo. Katundu akagulitsidwa kunja, dziko limapeza madola ogulira mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu pakati pa malonda ovomerezeka ndi ozembetsa. Chamba cha ku Malawi chakhala chikutchuka kunja kwa zaka zambiri ndi dzina lakuti Malawi Gold, ndipo chimatuluka m'dziko muno usiku, chobisidwa pansi pa katundu wina. Pa malonda amenewo boma silipezapo ngakhale tambala imodzi. M'malo mwake limaononga ndalama pa apolisi, makhoti, ndende ndi zipatala.

Komabe kuika msonkho kumafuna nzeru, monga kukama ng'ombe. Ukakama mkaka wonse mwana wa ng'ombe amafa, ndipo chaka chamawa sudzakamanso. Maiko amene anatsogola aphunzira zimenezi. Ku Canada, kuyambira 2018, boma linaika msonkho wa dola imodzi ya dzikolo pa galamu iliyonse, kapena 10 peresenti ya mtengo, potengera chimene chakula. Msonkhowu unagweranso chamba chambiri chogulidwa ndi odwala, ndipo odwalawo anadandaula kuti akulangidwa chifukwa cha matenda awo. Mitengo itatsika, dola imodzi ija inasanduka katundu wolemera kwa olima. Ku California, m'dziko la America, boma linachotsa msonkho wa pa ulimi wa chamba mu Julaye 2022, litaona kuti olima ovomerezeka akulephera kupikisana ndi ozembetsa amene salipira kanthu. Ku Canada ndi ku California amalolanso kusuta, zimene kwathu kuno ndi zoletsedwa, koma phunziro lake ndi lomwelo: msonkho ukakwera kwambiri anthu amathawira ku msika wamdima, ukachepa kwambiri dziko silipindula.

MPINGO UKUTI CHIYANI?

Ife monga aseminale sitingathe nkhaniyi osafunsa chiphunzitso cha Eklezia. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2291, amaphunzitsa kuti mankhwala ozunguza bongo amaononga kwambiri thanzi ndi moyo wa munthu, ndipo kuwagwiritsa ntchito ndi tchimo lalikulu pokhapokha ngati ndi pa chifukwa chenicheni cha kuchiza matenda. Amatsutsanso kuwapanga mobisa ndi kuwazembetsa. Malemu Papa Francis, polankhula kwa akuluakulu olimbana ndi mankhwalawa ku Roma mu Juni 2014, anakana poyera maganizo ololeza mankhwala ongosangalalira. Choncho Mpingo sudana ndi mbeu imene Mulungu analenga, kapena ndi dokotala wochiza nayo wodwala. Umadana ndi kuononga nzeru zimene Mulungu anatipatsa. Pa nambala 2240 Katekisimu yemweyo amatikumbutsa kuti kupereka msonkho ndi udindo wa mkhristu, monga Ambuye Yesu anaphunzitsira pamene anawaonetsa ndalama ya Kaisara pa Mateyo mutu 22.

Koma Mpingo umafunsanso boma mafunso. Kodi osauka akupindula nawo? Kodi ziphaso zikuperekedwa mwachilungamo, popanda ziphuphu? Kodi gawo la ndalama zotoleredwazo likupita kukathandiza amene chamba chawaononga? Tonse tikudziwa mnyamata wina kwathu amene anali wanzeru m'kalasi, koma lero amayenda akudzilankhulira yekha pamsika. Madokotala amachenjeza kuti bongo wa wachinyamata umakhala ukukulabe mpaka zaka za m'ma 20, ndipo kusuta chamba munthu ali wamng'ono kumachulukitsa chiopsezo cha matenda a misala. Abale a St John of God ku Mzuzu ndi chipatala cha anthu odwala maganizo ku Zomba amalandira achinyamata otere. Nkhawa imeneyi ndiyo inachititsa kuti anthu ambiri adzudzule boma mu Novembala 2021, pamene unduna wa zaulimi unapempha katswiri wakale wa nkhonya wa ku America, Mike Tyson, kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Ena anadandaula ndi mbiri yake, ndipo ambiri anaopa uthenga umene achinyamata angatolepo.

MAU OTSIRIZA

Sabata yatha ndinawalembera kalata amalume aja. Ndinawauza zinthu zitatu. Choyamba, asadzale ngakhale phata limodzi popanda chiphaso, chifukwa lamulo silimva zakuti "ndinamva pa wailesi." Chachiwiri, wina akabwera m'mudzi kudzasonkhetsa ndalama za gulu lolima chamba, afunse kaye kuti aone chiphaso cha gululo, akatsimikize ku bungwe la CRA kapena kwa alangizi a zaulimi, ndipo aone pangano lolembedwa ndi wogula. Chachitatu, asagulitse ng'ombe zawo ziwiri zija chifukwa cha phindu limene sanalione, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Pakali pano soya ndi mtedza zili ndi msika umene iwo akuudziwa.

Kwa inu anzanga, enafe Mulungu akalola tidzakhala ansembe, ena aphunzitsi, ena alangizi a zaulimi. Akhristu adzatifunsa mafunso onga amene ndinafunsidwa pakhonde paja, ndipo sadzakhutira ndi kuseka kapena kukalipa kwathu. Tiyeni tiphunzire kuwayankha zoona. Ndipo tikapita ku tchuthi, mnzathu wina akadzatipatsa ndudu nkunena kuti "usaope, boma linaloleza," timuuze mwaulemu kuti ananamizidwa.